Kupepukitsa mfuti ya paintball: kusintha thanki, hopa, mpope, za m'kati, kapena kungogula ina?

M'mawa mfuti ya paintball, masewera owomberana timipira ta penti, imakhala yopepuka. Pofika masana, mutathamanga, mutakwawa, mutadikira kuseri kwa mtengo mkono uli m'mwamba, mfuti yomweyo imamveka ngati wina wamangirirapo njerwa. Madzulo ake munthu amatenga foni n'kuyamba kufufuza mpope (payipi imene kampira kamatulukiramo) wa carbon fibre, ulusi wolimba koma wopepuka. Inenso ndinayambira pomwepo, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndalipira ndalama zambiri pochotsa magalamu ochepa, katundu weniweni ali chikhalire.

Chimene mumanyamula pabwalo si mfuti yokha. Pali mfutiyo, thanki ya mpweya, hopa yosungira timipira ta penti pamwamba, ndi pentiyo. Kampira kamodzi ka .68, kutanthauza kokula inchi 0.68, kamalemera pafupifupi magalamu 3, ndiye hopa ya timipira 200 ikadzaza mwasenza magalamu 600 a penti yokha. Thanki ya aluminiyamu imapitirira kilogalamu imodzi. Mfuti zambiri zamakono zamipikisano sizifika n'komwe kilogalamu. Mukaphatikiza zonse, mfuti yeniyeniyo nthawi zambiri siikwana theka la katundu yense.

Muyezo wosankhira

Musanagule kanthu, tengani sikelo ya kukhitchini muyeze chiwalo chilichonse pachokha ndi kulemba. Mudzatha kufunsa funso limene wogulitsa salikonda: pa ndalama izi, ndi magalamu angati amene akuchoka?

Funso lachiwiri ndi la malo. Ndowa ya madzi pamutu mumayenda nayo mtunda, koma yomweyo mutainyamula mkono uli wotambasula simufika nayo patali. Magalamu 50 kunsonga kwa mpope amatopetsa kuposa magalamu 100 ali pafupi ndi phewa. Choncho chiwalo china chingachotse kulemera pang'ono koma kusintha kwake n'kumveka m'manja, pamene china chingachotse kwambiri n'kusiya mfuti ikugwera kutsogolo.

Chachitatu ndi kagwiridwe ka ntchito, ndipo apa pali zoyezera zitatu. Liwiro lisamadumphedumphe: malire odziwika kulikonse ndi mafiti 300 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi mamita 91, ndipo mabwalo ambiri amatsitsa kufika 280. Mfuti yabwino ikawombera kakhumi pa chronograph, makina oyezera liwiro la kampira, manambala ake amakhala moyandikana. Kenako mpweya: thanki imodzi ikukupatsani timipira tingati? Pomaliza penti: ikutuluka yamphumphu kapena ikuswekera mu mpope? Lembani zitatuzi musanasinthe kanthu, sinthani chinthu chimodzi chokha, muyezenso. Mukasintha zitatu tsiku limodzi, chikadzavuta simudzadziwa wolakwa.

Njira iliyonse m'munsimu ndaiyeza pa mtengo, kapezekedwe, kasamalidwe ndi zoopsa zake.

Thanki ya carbon fibre

Apa m'pamene pali magalamu ambiri, komanso m'pamene anthu amapusitsika kwambiri. Thanki imene ambiri amayambira ndi ya aluminiyamu yolembedwa 48/3000. Nambala yoyamba ndi kukula kwa m'kati m'ma cubic inch, yachiwiri ndi mphamvu ya mpweya m'ma psi. Ku Ulaya yomweyo amailemba 0.8L ya 200 bar. Ya carbon fibre yotchuka ndi 68/4500, kapena 1.1L ya 300 bar. M'kati mwake muli kabotolo kopyapyala kokulungidwa ndi ulusi wa carbon, ndipo ulusiwo ndi umene ukugwira mphamvu.

Chimene otsatsa malonda sanena n'chakuti 68/4500 wamba siipepuka kwenikweni poyerekeza ndi 48/3000 ya aluminiyamu. Phindu lake lalikulu ndi mpweya: chulukitsani 48 ndi 3000, muchulukitsenso 68 ndi 4500, muona kuti yachiwiriyo ikusunga kupitirira kawiri. Osewera amawerengera mwachidule kuti yoyamba imapereka timipira pafupifupi 500, yachiwiri pafupifupi 1,000, malinga ndi mfuti. Zopepuka zenizeni ndi zimene zimapangidwa mwapadera, monga SL2 ya Ninja kapena Aerolite ya HK Army, zomwe zimatsikira cha pa kilogalamu imodzi kapena kuchepera. Njira ina imene ambiri amaiiwala ndi kutenga ya carbon yaing'ono, monga 45/4500 kapena 50/4500: yaifupi, yopepuka, koma mpweya wake ukuposabe wa 48/3000.

Mtengo. Ya carbon imadula katatu mpaka kasanu kuposa ya aluminiyamu, ndipo zopepuka kwambirizo zili kumtunda kwa mtengowo. Ngakhale zili choncho, mukagawa ndalama ndi magalamu ochoka, imaposa pafupifupi njira zonse zogula chiwalo.

Kapezekedwe. Ku America, ku Britain ndi ku South Africa mashopu a paintball amakhala nazo. Vuto si thankiyo koma kodzazira. Ngati bwalo lanu limadzaza mpaka 3000 psi yokha, kapena mumadzaza kuchokera ku thanki ya osambira pansi pa madzi, imene kawirikawiri imakhala ya 200 kapena 232 bar, ndiye 4500 yanuyo mudzangoiwerenga pa chikalata. Onaninso chidindo: DOT ndi cha America, TC cha Canada, chizindikiro cha pi ndi cha mayiko a European Union. Wodzaza ali ndi ufulu wokana thanki imene chidindo chake sichivomerezeka m'dziko lake. Amene mukuganiza zobwera nayo pandege kuchokera ku London kapena Johannesburg, dziwani kuti thanki yodzaza siiloledwa, ndipo achitetezo a ku America amafuna kuti regulator, chochepetsera mphamvu ya mpweya chimene chili pakamwa pa thanki, ichotsedwe kuti aone m'kati.

Kasamalidwe. Mathanki ambiri amayenera kuyezedwa ndi madzi zaka zisanu zilizonse, chimene osewera amangoti hydro. Ya aluminiyamu ikapambana mayeso imapitirira kugwira ntchito. Ambiri a carbon moyo wawo umathera pa zaka 15 chipangidwire, ngakhale akuoneka atsopano, kupatula ena opangidwa pa muyezo wa ISO amene amaloledwa zaka zochulukirapo. Tsiku lopangira limalembedwa pa thanki. Muiveke chikwama chake nthawi zonse, chifukwa mwala ukadula ulusi wa carbon, thankiyo yatha.

Zoopsa. Musadzaike mafuta kapena girizi pakamwa podzazira mpweya. Mafuta akakumana ndi mpweya wamphamvu chotere amatha kuyaka thanki n'kuphulika. Musasinthe ma burst disk, tija totetezera timene timabowoka mpweya ukapyola muyezo, tolembedwa 1.8k, 5k kapena 7.5k, ndi ta nambala ina. Pomasula thanki yang'anani kuti regulator ikutuluka pamodzi ndi botolo, osati botolo lokha likuzungulira. Mu 2004 bungwe loteteza ogula la ku America, CPSC, linachenjeza za zimenezi anthu awiri atafa pomenyedwa ndi mathanki a CO2 (mpweya wina woyendetsera mfutizi) amene anamasuka pa valavu n'kuuluka. Jambulani kamzere ka penti kodutsa pa regulator ndi botolo: kakasiyana, lekani kumasula. China chobisika ndi mphamvu imene regulator ikutulutsa. Mfuti ngati Tippmann 98 imafuna cha m'ma 800 psi. Mukaiika thanki yotulutsa 450, imayamba kuwombera mofooka kapena kulephera kudzikoka yokha.

Thanki ya kaunjika ndi nkhani ina. Ikatchipa modabwitsa, werengani tsiku. Ya zaka 13 mwagula ya zaka ziwiri.

Remote line: kusamutsira thanki kumsana

Iyi ndi payipi yopiringizika imene imalumikiza mfuti ndi thanki ili m'thumba lakumsana. Katundu sachoka pathupi, koma amachoka m'manja, ndipo palibe chiwalo chogula chimene chingachotse kilogalamu yathunthu ngati mmene imachitira payipi imeneyi.

Mtengo. Ndi wotsika, kachigawo chabe ka mtengo wa thanki ya carbon. Onjezanipo lamba kapena jekete yokhala ndi thumba la thanki.

Kapezekedwe. Imapezeka mosavuta, ndipo imalowa pa mfuti iliyonse chifukwa polowera thanki m'pofanana. Sankhani yokhala ndi slide check, kachotsekera kamene kamakulolani kuchotsa mfuti popanda kutaya mpweya wonse.

Kasamalidwe. Timphira ta O-ring ta polumikizira timatha msanga. Khalani ndi tapadera m'thumba, ndipo muteteze polumikizirapo ku mchenga.

Zoopsa. Walira mvula walira matope. Thanki ija sinali katundu chabe, inalinso chotsamira paphewa. Ikachoka, mfuti imagwera kutsogolo ndipo kuloza kumavuta, mpaka ambiri amagula chotsamira china, n'kubweza ena mwa magalamu aja. Payipi imakola m'tchire, ndipo kusintha dzanja mwachangu kuseri kwa chobisalira kumavuta. N'chifukwa chake simuiona kawirikawiri pa mipikisano ya speedball, masewera othamanga a pabwalo laling'ono, koma m'nkhalango ili ponseponse.

Hopa, mabatire ndi penti imene mukusenza

Hopa imakhala pamwamba penipeni, choncho kulemera kwake kumapendeketsa mfuti mukamatembenuka. Koma apa mawu oti kupepuka ndi kuchita bwino amakokana. Hopa yopepuka kuposa zonse ndi ija yapulasitiki yopanda injini, imene timipira timangogwa tokha. Pa mfuti yochedwa imakwanira. Pa yamagetsi, imene pa mipikisano ikuluikulu ya bungwe la NXL imaloledwa kupitirira pang'ono timipira 10 pa sekondi, hopa yotereyi siifikapo: kampira kamalowa theka, bolt (chokankhira kampira kulowa mu mpope) n'kukadula, kapena mfuti imaima kudikira.

Mahopa amagetsi odziwika ndi Dye Rotor ndi mng'ono wake LT-R, Virtue Spire, ndi CTRL ya Bunkerkings. Kusiyana kwa kulemera pakati pawo ndi kochepa moti sindingalangize munthu amene ali ndi imodzi kuti agule inayo chifukwa cha sikelo. Amene angapindule ndi amene akugwiritsabe ntchito hopa yakale yodya mabatire ambiri. Palinso PAL ya Planet Eclipse, imene ilibe mabatire: kampweya kochokera mu mfuti kamagwedeza timipira nthawi iliyonse mukawombera. Imagwira pa mfuti zokonzedwera zimenezo, monga Emek.

Pali njira ziwiri zotchipa zimene sizilengezedwa. Batire la AA wamba limalemera pafupifupi magalamu 23, la lithium pafupifupi 15. Rotor ndi Spire zimadya atatu, ndiye mwachotsa magalamu 24 pamwamba penipeni pa mfuti. Si zambiri, koma zikuposa masikuluwu a titanium amene ndikambe m'munsimu. Yachiwiri ndi yaulere: ngati mumatha masewera hopa ili theka, lekani kuidzaza. Timipira 100 tosalowa ndi magalamu 300.

Mtengo. Yopanda injini ndi yotchipa kwambiri. Zamagetsi zapamwamba zimafika pa mtengo wa thanki ya carbon.

Kapezekedwe. Zonse zimapezeka, ndipo Rotor yogwiritsidwa kale ntchito ndi imodzi mwa zinthu zochepa za kaunjika zimene ndingagule mtima uli m'malo, chifukwa imaphwasuka popanda zida ndipo chosweka chimaonekeratu.

Kasamalidwe. Kampira kamodzi kakaswekera m'kati, tsukani tsiku lomwelo, chifukwa timipira tonyowa sitiyenda mowongoka ngakhale mfuti ikhale yodula motani. Chotsani mabatire mukamasunga.

Zoopsa. Chigoba chopyapyala chimang'aluka mukagwa nacho, makamaka pakhosi polowera mu mfuti. Hopa yokankha mwamphamvu imaswanso penti yofewa yamipikisano.

Mpope

Osewera amangoti barrel. Ndi chiwalo chosavuta kusintha, mungomasula n'kumanga china, ndipo ndi chimene chimaoneka bwino pa chithunzi. Mpope wa carbon fibre, monga wa Deadlywind kapena Stiffi, umachotsa magalamu makumi angapo poyerekeza ndi wa aluminiyamu wa utali womwewo. Pa sikelo ndi zochepa. M'manja zimamveka chifukwa zili kunsonga, masentimita 35 kutsogolo ngati mpopewo ndi wa mainchesi 14. Ndikanayamba ndi thanki, mpope ukanakhala chinthu chabwino chachiwiri. Kulakwa kwanga kunali kuusandutsa choyamba.

Musanafike ku carbon, onani utali. Kampira kamapeza liwiro lake lalikulu m'mainchesi asanu ndi atatu oyambirira kapena pamenepo. Mbali yotsalayo, ija yokhala ndi timabowo, ntchito yake ndi kuchepetsa phokoso ndi kukuthandizani kuloza. Mpope wa mainchesi 18 kapena 20 suwonjezera mtunda, chifukwa liwiro ndi lomwe lija loikidwa pa chronograph, koma umadya mpweya wambiri ndipo umalemera. Kutsika kufika pa 14 kapena 12 ndi kupepukitsa kotchipa. Kutsikanso pansi pa 8 mfuti imachita phokoso ndi kuwononga mpweya.

Chimene chimakhudza kawombedwe ndi kukula kwa bowo poyerekeza ndi penti. Mabowo ambiri ali pakati pa .679 ndi .693. Bowo lalikulu kwambiri limadutsitsa mpweya m'mbali mwa kampira, ndipo lothina kwambiri limaswa penti yofewa kukazizira. Mipope ngati Freak ya GOG imakhala ndi timapaipi tam'kati tosinthasintha kuti mufananitse ndi penti ya tsikulo. Ta aluminiyamu ndi topepuka koma timapindika mukatiponda, ta chitsulo chosachita dzimbiri ndi tolimba koma tolemera. Kunena zoona, penti yabwino, yobulungira, yosungidwa pouma, imawongola kawombedwe kuposa mpope uliwonse.

Mtengo. Wa aluminiyamu wamfupi ndi wotchipa. Wa carbon ndi wapakati, ndipo mukawonjezera timapaipi tonse umayandikira mtengo wa hopa yamagetsi.

Kapezekedwe. Samalani mazinga omangira. A Autococker, mtundu wakale wa mfuti, ndi amene ali pa mfuti zambiri za Planet Eclipse, Dye ndi Empire, ndipo mipope yake ili ponseponse. Tippmann 98 ili ndi ake, A-5 ili ndi akenso ena, Spyder ake, Luxe ndi GOG ake. Mukaitanitsa kunja molakwika, kubweza kumadula kuposa mpopewo. Kolumikizira mazinga osiyana kalipo, koma kamawonjezera utali ndi kulemera komwe mumathawa.

Kasamalidwe. Pukutani ndi chopukutira chofewa, osati cholimba chimene chingakande m'kati. Musausiye pa dzuwa m'galimoto, chifukwa mipope ya carbon imakhala ndi mbali zomatidwa ndi guluu.

Zoopsa. Wa aluminiyamu ukagunda mwala umakandika kapena kupindika pang'ono. Wa carbon umang'aluka, makamaka kunsonga, kwa amene amakonda kukankhira mpope pansi podzuka. Ndipo mukasintha mpope, liwiro limasintha. Bwererani pa chronograph musanalowe m'bwalo, chifukwa amene mukumuwombera ndi mnzanu.

Bolt, hammer ndi zina zoyenda m'kati

Apa m'pamene ndimauza anthu kuti adekhe. Ziwalo zam'kati sizilemera kwenikweni, ndipo kulemera kumene zili nako kuli ndi ntchito.

Tengani Tippmann 98, imene inatuluka mu 1998 ndipo mpaka lero ndiyo imabwerekedwa m'mabwalo ambiri. Mukakoka chowombera, sipuling'i imakankha chitsulo cholemera chotchedwa hammer, chimene chimamenya valavu n'kuitsegula. Mpweya wina umakankha kampira, wina umabwezera hammer kumbuyo. Kulemera kwa hammer, mphamvu ya sipuling'i ndi kulimba kwa valavu zinayezedwa pamodzi. Mukaika hammer yopepuka, kugwedezeka kumachepa, zimenezo n'zoona, koma valavu imatseguka nthawi yaifupi, liwiro limatsika, ndiye mufunika sipuling'i ina. N'chifukwa chake opanga ngati TechT amagulitsa zoterezi zili zokonzedwera mtundu umodzi wa mfuti. Kusema nokha hammer ndi tupa n'kusewera ndi moto.

Mfuti za spool valve, monga za Gamma Core ya Planet Eclipse, zilibe hammer. Bolt imayendetsedwa ndi mpweya, ndipo inabwera kale yopepuka. Zogula zapadera pa mfuti zimenezi amazigula pofuna kufewetsa kawombedwe kapena kusamala penti, osati kuchepetsa kulemera. Pa Autococker yakale, kusintha bolt yachitsulo n'kuika ya pulasitiki yolimba ya Delrin kunali kwanzeru, chifukwa mbali yonse yakumbuyo imayenda ndipo kupepuka kwake kumathandiza. Koma imeneyo ndi mfuti ya anthu okonda kukhala pansi ndi zida.

Mtengo. Wapakati, koma pa galamu iliyonse yochoka ndi wokwera kwambiri.

Kapezekedwe. Pa mfuti zotchuka zilipo. Pa zimene zinasiya kupangidwa, mudzasaka kwa osewera anzanu.

Kasamalidwe. Mfuti za hammer zimafuna mafuta opangidwira paintball, za spool zimafuna girizi monga Dow 33. Bolt yachilendo nthawi zina imakhala ndi timphira ta saizi ina, ndiye bokosi lanu la zapadera silithandizanso.

Zoopsa. Liwiro lodumphadumpha, kudontha kwa mpweya, mfuti yowombera yokha motsatizana chifukwa hammer sikufika pokodwa, ndi kutaya chitsimikizo cha wopanga. Sungani chiwalo chakalecho m'chikwama. Tsiku lina masana mudzachibwezera.

Masikuluwu a titanium ndi kusema thupi la mfuti

Titanium imalemera pafupifupi magalamu 4.5 pa cubic centimetre, chitsulo 7.8. Ngati masikuluwu onse a mfuti yanu akulemera magalamu 30, mupulumutsa 12 kapena 13, timipira tinayi basi.

Kusema thupi ndi makina kunatchuka m'masiku a Autococker, pamene matupi anali zidutswa zokhuthala za aluminiyamu. Mfuti zamakono zinasemedwa kale kufakitale mpaka pamalire.

Mtengo. Masikuluwu ndi odula poyerekeza ndi phindu lake. Kusema kumafuna mmisiri, kenako kuthiranso utoto wa anodising, wolowetsedwa mu aluminiyamu ndi magetsi, ndipo zonse pamodzi zingapose mtengo wa mfutiyo.

Kapezekedwe. Masikuluwu ambiri a mfuti zimenezi ndi a saizi za mainchesi, osati mamilimita, choncho a m'shopu ya hardware salowa bwino. Amisiri odziwa m'mene njira za mpweya zimadutsira ndi ochepa.

Kasamalidwe. Titanium imakonda kumatirira m'mazinga ikamangidwa youma.

Zoopsa. Wosema akalowa pang'ono mu njira ya mpweya, thupilo latha, ndipo chosemedwa sichibwerera. Chimene chili chaulere pa gawo lino ndi kuvula zokongoletsa: tochi, magalasi olozera, zogwirira zowonjezera, chigoba chofanizira mfuti yankhondo. Pa Tippmann yovekedwa mokwanira, zimenezi zokha zimaposa zonse zimene mungagule.

Kusiya zonse n'kugula mfuti ina

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndaona anthu akuika mpope, hammer, chotsamira ndi zina pa Tippmann 98 mpaka ndalama zake kupitirira mtengo wa mfuti imene inabadwa yopepuka. Thupi la 98 ndi aluminiyamu youmbidwa, yokhuthala, ndipo yonse imapitirira kilogalamu ndi kota. Planet Eclipse ya ku Manchester imapanga Emek ndi Etha ndi chigoba cha nayiloni yosakaniza ndi ulusi wa galasi, ndipo sizifika kilogalamu. Empire Mini GS nayo ili pomwepo. Mfuti zimenezi zimagwiranso penti mofewa.

Mtengo. Ndi waukulu kuposa njira zonse, ndipo pali zobisika. Ngati mumagwiritsa ntchito CO2, mufunika thanki ya mpweya wamba, chifukwa CO2 yamadzi imawononga solenoid, kavalavu koyendera magetsi, ya mfuti yamagetsi. Yamagetsi ifunanso hopa yamagetsi. Mpope wanu wa Tippmann sulowa. Komabe yakaleyo mukhoza kuigulitsa, pamene ziwalo zapadera zimagwa mtengo mukangotsegula paketi.

Kapezekedwe. Kumene kuli mashopu a paintball zilipo. Funsani za timphira ndi ziwalo zapadera musanagule. Amene mukuitanitsa kuchokera kunja, yambani mwafunsa oona za katundu wolowa m'dziko za malamulo, chifukwa chinthu chooneka ngati mfuti chimaimitsidwa pamalire.

Kasamalidwe. Tippmann imapirira kunyalanyazidwa. Za spool zimafuna kutsukidwa ndi kupakidwa girizi pafupipafupi, ngakhale kuti ntchitoyo ndi ya mphindi zochepa.

Zoopsa. Kumene kulibe kodzazira mpweya wamba koma CO2 yokha, mfuti yatsopanoyo idzangokhala m'kabati.

Ndani atenge chiyani

Wosewera m'nkhalango tsiku lonse ndi Tippmann, ndalama zili zochepa: vulani zokongoletsa, tsitsani mpope kufika pa mainchesi 12 kapena 14, ikani remote line. Hammer isiyeni.

Wa speedball amene ali ndi mfuti yamagetsi koma thanki ya aluminiyamu: thanki ya carbon yopepuka choyamba, mutatsimikiza kuti bwalo limadzaza 4500. Yesani utali wake paphewa musanalipire. Mabatire a lithium atsatire, mpope wa carbon pamapeto.

Amene bwalo lake limadzaza 3000 yokha: 68 ya carbon idzakupatsanibe mpweya wochulukirapo chifukwa ndi yaikulu, koma ngati 48 ikukukwanirani, ndalamazo zipite ku hopa kapena penti yabwino.

Wachinyamata kapena wa thupi laling'ono: thanki yaifupi ya 45 kapena 50, hopa yodzazidwa theka, ndi mfuti ngati Emek yokhala ndi PAL. Ngati bwalo lili ndi masewera a timipira tating'ono ta .50, timipirato sitifika theka la kulemera kwa ta .68.

Wowombera pang'ono, wa pump (mfuti yokoka ndi dzanja nthawi iliyonse musanawombere) kapena wa magazini a timipira 20: thanki ya 13/3000 ndi kahopa ka timipira 50 kapena magaziniwo zikukwanirani, ndipo palibe pabwalo amene adzanyamule katundu wopepuka kuposa wanu.

Amene mndandanda wake wa zogula wafika theka la mtengo wa mfuti yatsopano: imani pomwepo, gulitsani yakaleyo.

Wokonda Autococker yakale amene ali ndi mmisiri womudalira: bolt ya Delrin ndi kusema zili ndi malo ake, bola mukhale ndi mfuti ina yosewerera pamene iyo ili pa tebulo.